Mmene mungazindikirire mphipi pa Zambezi ndi pa nyanja ya Cahora Bassa

Mbalame zakuda zimene zimamira m'madzi n'kuvuuka ndi nsomba kukamwa, kenako n'kukatera pachitsa kapena pathanthwe mapiko zitatambasula, si za mtundu umodzi, ngakhale kuti munthu wodutsa pa mlatho wa Samora Machel mumzinda wa Tete amaziona ngati zofanana zonse. Pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya mphipi pafupifupi 40, ndipo kumwera kwa Africa kuno kuli isanu. Itatu mwa isanuyo imakhala kunyanja yamchere kokha, moti m'chigawo cha Tete, chimene chilibe gombe la nyanja yamchere, mumatsala iwiri: mphipi yaing'ono, imene akatswiri amaitcha Microcarbo africanus, ndi mphipi yaikulu ya chidali choyera, Phalacrocorax lucidus, imene akatswiri ena amaiwerengera m'gulu la Phalacrocorax carbo. Pamodzi ndi ziwirizi pamapezeka mbalame yachitatu, ya khosi la njoka, Anhinga rufa, yomwe si mphipi koma imakhala malo omwewo, imadya zomwezo ndiponso imayanika mapiko mofanana.

Ntchito yake, tsono, ndi yosiyanitsa mbalame zitatu basi, koma anthu ambiri amasokonezeka chifukwa amayambira pa mtundu wa nthenga. Nthenga zimasintha malinga ndi kukhwima kwa mbalame, nyengo, kunyowa ndiponso kumene dzuwa lili. Chimene sichisintha ndi kaumbidwe ka thupi. Malangizo awa akutsata dongosolo limenelo: malo, kaumbidwe, msinkhu, ndipo mtundu wa nthenga pambuyo.

Sankhani malo ndi nthawi

Yambani ndi madzi amene muli nawo pafupi. Mphipi yaing'ono sisankha kwenikweni. Imapezeka pa Zambezi, pa Revúbuè, pa Luenha, m'madamu ang'onoang'ono a kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano, ngakhale pa thamanda la m'dambo, bola pakhale tinsomba ndi poti n'kutera. Mphipi yaikulu imafuna madzi otakata ndi akuya, choncho mwayi woiona uli pa mtsinje waukulu ndi pa nyanja ya Cahora Bassa. Nyanja imeneyi inayamba kudzaza kumapeto kwa chaka cha 1974 damu la pafupi ndi Songo litatsekedwa, ndipo masiku ano ndi yaitali makilomita pafupifupi 250 kulowera ku Zumbo. Madzi atakwera anamiza nkhalango, ndipo mitengo yolimba monga tsanya inauma chiimire. Nthambi zake zimene zikutulukabe pamwamba pa madzi ndizo zakhala mipando ya mbalame zonse zitatu. Mukaona mtengo wouma pakati pa madzi uli mbuu ndi zitosi, dziwani kuti pamenepo ndi pogona pake, ndipo mukabwererapo madzulo simubwerako chimanjamanja.

Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere, ndiponso madzulo kukayamba kuzizira. M'chigwa cha Zambezi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, mpweya wa pamwamba pa madzi ndi pa mchenga umanjenjemera masana, moti ngakhale muli ndi magalasi oonera patali simungaone bwino mlomo kapena diso. Imani poti dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mukaliyang'ana kutsogolo, mbalame iliyonse imaoneka yakuda bii, ndipo chidali choyera chimabisika mu mthunzi.

Pali chinanso chimene sichiyenera kuiwalika pa Zambezi. Malo amene mphipi zimakonda, madzi odekha a m'mphepete mwa bango, ndi omwenso ng'ona zimabisala. Khalani pamtunda, kutali ndithu ndi m'mphepete mwa madzi, ndipo ngati mukulowa m'bwato pitani ndi msodzi wa pamalopo amene akudziwa kumene mvuu zimakhala.

Tsimikizani kaye kuti ndi mphipi

Musanafunse kuti ndi mphipi iti, funsani ngati ili mphipi n'komwe. Yang'anani mmene ikusambirira. Bakha amayandama pamwamba, thupi lonse likuoneka. Mphipi imalowa m'madzi kwambiri, msana wokha ndi umene umatsala kunja, mchira uli m'madzi, ndipo mlomo umaloza m'mwamba pang'ono. Ikafuna kumira imadumpha pang'ono n'kulowa chamutu, kapena imangotsetsereka osasiya mafunde. Mbalame ya khosi la njoka imamira kuposa apo: nthawi zambiri thupi lonse limakhala pansi, n'kungotsala khosi lalitali lopyapyala ndi mutu zikuyenda pamwamba pa madzi, zimene zachititsa anthu ambiri kuthawa poganiza kuti aona njoka.

Kenako yang'anani mlomo, chifukwa apa ndi pamene nkhani imathera msanga. Mlomo wa mphipi, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, uli ndi kangowe kopindikira pansi kumapeto kwake, kogwirira nsomba yoterera. Mlomo wa mbalame ya khosi la njoka ndi wowongoka ndi wosongoka kwambiri, wopanda ngowe, popeza iyo siigwira nsomba koma imaibaya. Khosi lake lili ndi popindika pamodzi pooneka bwino, pamene mafupa anaumbidwa mwakuti mutu umatha kuponyedwa kutsogolo mwamphamvu ndi mwadzidzidzi. Ikavuuka mudzaona nsomba ili pa nsonga ya mlomo, ndipo mbalameyo imaigwedeza kapena kuiponya m'mwamba n'kuiwakha kuti iimeze choyambira kumutu. Ya khosi la njoka yokhwima ili ndi mzere woyera wochokera pansi pa diso kutsikira m'mbali mwa khosi, khosi lofiirira, ndi nthenga zazitali za mizeremizere zogwera pamsana.

Ikakhala kuti ikuuluka, onani khosi. Kakowa ndi abale ake amapinda khosi n'kulibweza pamapewa, miyendo italendewera kumbuyo. Mphipi imatambasula khosi kutsogolo, miyendo yake yaifupi siioneka kupitirira mchira, ndipo imakupiza mapiko mosalekeza. Ya khosi la njoka imakupiza kangapo n'kuleka, kenako n'kukupizanso, ndipo masana otentha imatha kukwera m'mwamba kwambiri n'kumazungulira osakupiza, zimene mphipi yaing'ono sichita kawirikawiri.

Ngati mbalame yatera pafupi moti mapazi akuoneka, werengani zala. Bakha ali ndi chikopa cholumikiza zala zitatu za kutsogolo zokha, pamene mphipi ndi ya khosi la njoka zili ndi chikopa cholumikiza zala zonse zinayi.

Msinkhu ndi mchira

Mukatsimikiza kuti mlomo uli ndi ngowe, mwatsala ndi ziwiri, ndipo msinkhu ndi umene muyenera kuyesa tsopano. Mphipi yaing'ono ndi yaitali masentimita 50 mpaka 60 kuyambira kumlomo kufika kunsonga ya mchira, ndipo imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Mphipi yaikulu imafika masentimita 80 mpaka 100, ndipo kulemera kwake kumafika makilogalamu awiri kapena atatu. Zikakhala pa mtengo umodzi palibe amene angazisokoneze. Vuto limabwera mbalame ikakhala yokha pakati pa madzi, popanda china choyerekezera, popeza maso a munthu amalephera kuyeza msinkhu pa madzi otakata. Zikatero funani chinthu chimene mukuchidziwa chili pafupi nayo, kaya ndi kakowa, kaya ndi mphepete ya bwato.

Koposa msinkhu, khulupirirani mchira. Mphipi yaing'ono ili ndi mchira wautali kwambiri poyerekeza ndi thupi lake, ndipo ikatera mchirawo umalendewera pansi pa nthambi moonekera. Mutu wake ndi waung'ono, wozungulira, khosi lalifupi, mlomo waufupinso, moti ikauluka mbali ya kumbuyo kwa mapiko imaoneka yaitali ngati ya kutsogolo kapena kuposerapo. Mphipi yaikulu ndi yojintcha, ya khosi lonenepa, mutu wautali, mlomo wautali ndi wolemera, koma mchira waufupi poyerekeza ndi thupi. Ikanyamuka pamadzi imavutikira, kumenya madzi ndi mapazi onse awiri kangapo isanakwere, pamene yaing'ono imanyamuka mosavuta. Munthu akazolowera kusiyana kumeneku amatha kutchula mbalame ili kutsidya kwa mtsinje, dzuwa litalowa kale, mtundu wa nthenga usakuoneka n'komwe.

Tsopano yang'anani chidali, diso ndi msana

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Mphipi yaikulu yokhwima ili ndi masaya, khosi la kutsogolo ndi chidali zoyera mbee, koma mimba yake ndi yakuda, ndipo malire a choyera ndi chakuda amaoneka bwino. Nyengo yoswana imakhala ndi chigamba choyera pa ntchafu iliyonse, chimene chimaoneka kwambiri ikamauluka. Yosakhwima ya mtundu womwewu ndi yoyera kunsi konse, kuyambira kukhosi mpaka kumimba, ndipo msana wake ndi wotuwa moderako osati wakuda.

Mphipi yaing'ono yokhwima, nyengo yoswana, ndi yakuda thupi lonse, yonyezimira mobiriwira dzuwa likaiwomba, ndipo pamphumi imamera katsumba kakafupi. Nyengoyo ikatha imasuluka n'kukhala yoderako, pakhosi pamayera, ndipo kunsi kumatuwa. Ana ake ndiwo amapusitsa anthu kwambiri, popeza kunsi kwawo ndi koyera kapena kotuwa, moti munthu amene anangomva kuti mphipi yaikulu ili ndi chidali choyera akaona mwana wa mphipi yaing'ono amafulumira kunena kuti waona yaikulu. Kuyera kwa mwana wa yaing'ono n'kodetsedwa, kopanda malire ooneka, koma ngakhale zimenezi musazidalire kwambiri. Bwererani ku mchira ndi mlomo, ndipo mupeza yankho.

Msana nawo umathandiza. Nthenga za pamsana ndi pa mapiko a mphipi yaing'ono ndi zotuwa, ndipo iliyonse ili ndi kadontho kakuda kumapeto, choncho msana umaoneka wa mawangamawanga. Pa mphipi yaikulu nthenga iliyonse ndi yoderako koma yozunguliridwa ndi mzere wakuda, zimene zimapangitsa msana kuoneka wa mambamamba.

Diso limafuna kuti mbalame ikhale pafupi kapena kuti mukhale ndi magalasi, koma likaoneka limathetsa mkangano uliwonse. Diso la mphipi yaing'ono yokhwima ndi lofiira psuu, ndipo khungu la kumaso ndi mlomo zimakhala zachikasu, nthawi zina zofiirira nyengo yoswana. Diso la mphipi yaikulu ndi lobiriwira, mlomo wake ndi wotuwa, ndipo patsinde pa mlomo pansi pa diso pali khungu lachikasu. Ana a mitundu yonse iwiri amakhala ndi maso oderako mpaka atakula, choncho diso losafiira silitanthauza kuti mbalameyo si mphipi yaing'ono.

Khalani pansi muone zimene ikuchita

Mukatchula dzina musanyamuke msanga, chifukwa khalidwe la mbalame limatsimikiza kapena kutsutsa zimene mwaganiza. Mphipi yaing'ono imakonda kusaka yokha m'madzi osaya, pafupi ndi bango, pansi pa mitengo yogwera m'madzi kapena pakati pa miyala, ndipo nthawi zambiri siikhala pansi pa madzi kupitirira theka la mphindi. Imadya tinsomba ting'onoting'ono, makamaka ana a mphende ndi ena a mtundu umenewo, komanso achule, nkhanu ndi tizilombo ta m'madzi. Mphipi yaikulu imasaka kutali ndi gombe, imamira mwakuya, imagwira nsomba zokulirapo, ndipo nthawi zina zimasaka zingapo pamodzi. Zonse ziwiri zimapalasa ndi mapazi pansi pa madzi, mapiko atapindidwa, ndipo nsomba yaikulu zimatuluka nayo pamwamba, kuitembenuza mpaka mutu utaloza kukhosi, ndiye n'kumeza. Mungathe kuona chotupa cha nsombayo chikutsika pang'onopang'ono m'khosi. Minga ndi mamba zimene sizinagayike mbalameyo imazilavula pambuyo pake zitaumbika pamodzi, ndipo pansi pa malo ogona mumapezeka timibulu timeneti, tomwe akatswiri amatola pofuna kudziwa nsomba zimene mbalamezo zikudya.

Kuyanika mapiko kuli ndi chifukwa chake. Nthenga za bakha sizilowa madzi ndipo zimasunga mpweya, n'chifukwa chake bakha amavutika kukhala pansi pa madzi. Nthenga za mphipi zimalowa madzi mbali yakunja, mpweya umachoka, mbalameyo imalemererako, ndipo imatha kulondola nsomba pansi popanda kuwononga mphamvu zambiri polimbana ndi kuyandama. Malipiro ake ndi akuti ikatuluka imakhala yonyowa, ndipo iyenera kuumitsa nthenga. Ya khosi la njoka imanyowa kuposa mphipi, mpaka pakhungu, motero imakhalitsa pa dzuwa mapiko ali chitambasulire, kawirikawiri msana utaloza kumene kuli dzuwa.

Masana otentha a ku Tete mudzaonanso chinthu china mukayandikira. Mbalame imayasama pang'ono, ndipo chikopa cha pansi pa mlomo chimanjenjemera mofulumira kwambiri, mbalameyo ili phee osasuntha. Sikudwala kapena kutsamwa ndi nsomba ayi. Mbalame sizichita thukuta, ndipo kugwedeza chikopacho kumaumitsa chinyezi cha m'kamwa n'kuziziritsa magazi odutsa pamenepo.

Asodzi ena amadandaula kuti mphipi zimawathera nsomba, ndipo nkhaniyi iyenera kuyezedwa bwino. Pa dziwe loweteramo nsomba dandaulo ndi loona, chifukwa mphipi zochepa chabe zingathe kuchepetsa ana a nsomba m'masiku owerengeka, ndipo njira yake ndi kuphimba dziwe ndi ukonde kapena kumanga zingwe pamwamba pake. Pa nyanja yaikulu ngati Cahora Bassa nkhani ndi ina. Kapenta, amene anabweretsedwa ku Kariba kuchokera ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968 kenako n'kutsika ndi madzi mpaka kuno, amagwidwa usiku ndi nyale, pamene mphipi zimasaka masana pogwiritsa ntchito maso ndipo usiku zimakhala zili m'tulo pa mitengo. Mbalame ya theka la kilogalamu yodya tinsomba ta m'bango si imene ingachepetse nsomba zouma za ku Chicoa pa msika. Ukonde wa maso ang'onoang'ono wokokolola ana a nsomba m'malo oswanirana ndi umene uyenera kufunsidwa poyamba.

Mukapeza zisa

Mbalame zitatuzi zimaswana pagulu, ndipo kawirikawiri zimasakanikirana ndi akakowa ndi mbalame zina za m'madzi pa mtengo umodzi woima m'madzi, m'bango lowirira kapena pa chilumba. Nyengo yake siili yokhazikika ngati ya mbalame za kumunda, chifukwa zimatsata kukwera kwa madzi ndi kuchuluka kwa nsomba. Chisa chimamangidwa ndi timitengo ndi mapesi a bango, ndipo cha mphipi yaikulu ndi chachikulu, chimene chimatha kugwiritsidwanso ntchito chaka china. Mazira amakhala atatu kapena anayi, obiriwira motuwa koma okutidwa ndi zoyera zonga choko. Yaimuna ndi yaikazi zimalandirana pofungatira, ndipo mazirawo zimawaika pamwamba pa mapazi awo otambalala. Mazira a mphipi yaing'ono amaswa patapita masabata atatu ndi masiku ochepa, a yaikulu pafupifupi masabata anayi.

Ana amabadwa opanda nthenga ndi osaona. Akakula pang'ono amamera bweya, ndipo apa pali chizindikiro chothandiza kwa amene akuyang'ana zisa ali patali: ana a mphipi amakhala ndi bweya wakuda, pamene ana a mbalame ya khosi la njoka amakhala ndi bweya woyera. Podya, mwana amalowetsa mutu wonse m'khosi mwa kholo lake n'kutulutsamo nsomba zofewa, moti woona koyamba amaganiza kuti kholo likumeza mwana.

Malo oswanirana amadziwika ndi fungo ndi phokoso musanawaone. Zitosi za mphipi ndi zamphamvu kwambiri moti patapita zaka zimapha mtengo umene mbalamezo zimagonapo. Chilumba cha Boadzulu, kumwera kwa nyanja ya Malawi, chimadziwika ndi matanthwe oyera chifukwa cha mphipi zazikulu zimene zimaswana kumeneko. Mukapeza malo otere imani patali, ndipo mukaona mbalame zikutalikitsa makosi n'kuyamba kusuntha pa zisa, dziwani kuti mwayandikira kwambiri, bwererani. Makolo akathawa, ana opanda nthenga amapsa ndi dzuwa m'kanthawi kochepa, akhwangwala ndi nkhwazi zimapezerapo mwayi, ndipo ana okulirapo amadziponya m'madzi momwe ng'azi ndi ng'ona zikudikira.

Mphipi za kunyanja yamchere

Mabuku ndi zithunzi za pa intaneti zimaonetsa mitundu yonse isanu pamodzi, ndipo wophunzira amakopeka kuganiza kuti waona mtundu wosowa pa Zambezi. Ndi bwino kudziwa kumene mitundu itatu ya kunyanja imakhala kuti muichotse m'maganizo muli kuno, komanso kuti muizindikire mukapita kumwera.

Yodziwika kwambiri ndi mphipi ya ku Cape, Phalacrocorax capensis. Imaswana m'mphepete mwa nyanja kuyambira kumwera kwa Angola, kudutsa Namibia, mpaka ku Algoa Bay ku South Africa, ndipo moyo wake umadalira madzi ozizira a Benguela, oyenda m'mphepete mwa gombe la kumadzulo, amene amadyetsa timagulu tambirimbiri ta nsomba zing'onozing'ono za m'nyanja. Msinkhu wake uli pakati pa ziwiri zathu, masentimita opitirira pang'ono 60. Ndi yakuda thupi lonse, yonyezimira, yopanda mawanga pamsana, ya mchira waufupi, mlomo wakuda wowonda, khungu la pansi pa mlomo lachikasu cholowera ku lalanje, ndi diso lobiriwira mowala. Khalidwe lake ndi limene limaisiyanitsa kwambiri, popeza imayenda m'magulu a mazana kapena masauzande, zikuuluka pa mzere wautali pafupi kwenikweni ndi mafunde, ndipo zikapeza nsomba zimagwera m'madzi zonse pamodzi. M'miyezi yozizira, cha mu Juni ndi Julayi, zina zimatsatira nsomba kulowera kum'mawa mpaka ku KwaZulu-Natal, ndipo zochepa zimafika kumwera kwa Mozambique, cha ku Maputo ndi ku chilumba cha Inhaca. Kumeneko ndi kumene munthu wa dziko lino angayembekeze kuiona, osati pa Cahora Bassa.

Mbalame imeneyi ili ndi mbiri yokhudza ulimi. Zitosi za mbalame za m'nyanja pa zilumba za Namibia, monga Ichaboe, zinakumbidwa ndi kutumizidwa ku Ulaya ngati feteleza m'zaka za m'ma 1840, ndipo pambuyo pake anthu anamanga nsanja zamatabwa pafupi ndi Walvis Bay ndi Swakopmund kuti mphipi ziziswanirapo, zitosi zake n'kumakololedwa. Ngakhale magulu ake amaonekabe aakulu, chiwerengero chake chatsika ndi kupitirira theka m'zaka makumi angapo zapitazi, makamaka chifukwa cha kuchepa kwa nsomba zimene imadya, ndipo mu 2013 bungwe la IUCN, loona za kuteteza chilengedwe pa dziko lonse, linaiika m'gulu la zamoyo zimene zili pa ngozi yotha. Mu 2021 chimfine cha mbalame chinapha mphipi zamtunduwu zopitirira 20,000 ku South Africa, zambiri pa chilumba cha Dyer.

Mitundu iwiri yotsalayo sifika ku Mozambique. Microcarbo coronatus imafanana kwambiri ndi mphipi yathu yaing'ono, diso lofiira lomwe, moti kale akatswiri ankaziyesa mtundu umodzi, koma ili ndi mchira wofupikirapo ndi tsumba lokhalitsa, ndipo imakhala m'magombe a miyala a Namibia ndi kumadzulo ndi kumwera kwa South Africa. Phalacrocorax neglectus ndi yojintcha, yakuda mpaka kumaso popanda khungu lachikasu, ndipo nayonso imakhala kumadzulo komweko.

Chenjezo lake ndi lakuti kufika kunyanja yamchere sikutanthauza kuti mphipi iliyonse imene mwaona ndi ya kunyanja. Ku Beira, ku Quelimane ndi kumene Zambezi imathirira m'nyanja, mphipi zimene mudzaone ndi ziwiri zathu zomwezi, chifukwa yaikulu imakhala m'madzi amchere ndi opanda mchere omwe, ndipo yaing'ono imalowa m'mitsinje ya m'mphepete mwa nyanja. Ngakhale ku Maputo tsatirani dongosolo lomwe lija. Mchira wautali, msana wa mawanga ndi diso lofiira ndi mphipi yaing'ono. Thupi lalikulu ndi chidali choyera ndi yaikulu. Mchira waufupi, thupi lakuda lonse ndi khungu la lalanje pansi pa mlomo, makamaka zikakhala zambiri pa nyanja penipeni, ndiye mphipi ya ku Cape.

Kulemba zimene mwaona, ndi mbalame yokodwa kapena yakufa

Lembani muli pomwepo, musanatsegule buku kapena foni, chifukwa mukaona chithunzi maganizo amayamba kukuuzani kuti munaona zimene simunaone. Lembani tsiku, malo, nthawi, mtundu wa madzi, kuchuluka kwa mbalame, kenako mlomo, mchira, chidali, mimba ndi diso, ndipo chimene sichinaoneke musachilembe mongoganizira. Chithunzi cha foni, ngakhale chosaoneka bwino, chimathandiza chikajambulidwa mbalame ili cham'mbali, popeza kutalika kwa mchira ndi mlomo kumaoneka ngakhale mitundu itasokonezeka. Zolemba za malo amodzi zobwerezedwa mwezi ndi mwezi zili ndi phindu kuposa ulendo umodzi wautali, chifukwa zimaonetsa nthawi imene mbalame zimachuluka, imene zimamanga zisa, ndi mmene zimasinthira madzi a m'nyanja akakwera kapena kutsika. Amene ali pafupi ndi paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013 kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, angathe kugawana zolemba zawo ndi oyang'anira pakiyo.

Mphipi zimakodwa m'maukonde otchera, makamaka a ulusi woonda wosaoneka m'madzi, ndipo zambiri zimafera pansi chifukwa cholephera kuvuuka. Mukapeza yamoyo, tetezani maso anu poyamba, chifukwa mbalame yochita mantha imalunjika kumaso, ndipo ya khosi la njoka ndiyo yoopsa kwambiri pa zimenezi. Iphimbeni mutu ndi nsalu, gwirani mutuwo kumbuyo kwake, mnzanu adule ulusi m'malo moukoka. Musamange mlomo ndi chingwe kapena mphira, popeza mphuno za mphipi yokhwima ndi zotsekeka kunja ndipo imapumira m'kamwa, choncho mukatseka mlomo ifa ndi kubanika. Mukaimasula iikeni pa malo ouma, a mthunzi pang'ono, pafupi ndi madzi, kuti iume isanabwerere. Zidutswa za ukonde wakutha musazitaye m'madzi kapena pagombe.

Mukapeza mbalame zambiri zakufa kapena zofooka pamalo amodzi popanda ukonde kapena bala looneka, musazigwire ndi manja, musazidye, musalole agalu kuzitola, ndipo musapite nazo kufupi ndi nkhuku kapena abakha a pakhomo, chifukwa chimfine cha mbalame chimafala kuchokera ku mbalame za m'madzi kupita ku zoweta, ndipo nthawi zina chimagwira anthu. Jambulani muli patali, lembani malo ndi chiwerengero, ndipo dziwitsani a mfumu ndi alangizi a ziweto a ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi chuma m'boma lanu, tsiku lomwelo.